Wotunga Madzi wa Kunja kwa Linga

3 Juni
Tsiku lomaliza lija linali ngati masiku onse. Ine ndikumanga chogwirira cha ketulo, akazi anga pakhonde, foni m'manja. Gemu yawo ija ya mizinda ya malinga. Ndinati mphika ukupserera. Anati, "Upserere, bambo, ine ndili pamzere wa madzi." Mawa lake anagwa kubafa. Basi.

10 Juni
Ndatsegula gemuyo. Munthu wawo ndi mayi wothawa nkhondo, amagona mumsasa kunja kwa linga la mzinda wa amalonda. Ngolo, migolo, bulangeti. Ntchito yake kutunga madzi. Olemera amalandirira pakazenera, nkhope osamuona. Pamwamba palembedwa kuti pakutha pa mwezi mzinda udzagwetsa msasa, wotsala kunja adzafufutidwa.
Ayi. Osati kawiri.

14 Juni
Zala zanga zinazolowera sipanala. Ndagwetsera ngolo m'ngalande, madzi onse pansi. Mawa ndiyesanso.
Alamu abweranso za zovala za achemwali awo. Ndati adikire. Anati, "Alamu, njenjete sizilira maliro."

19 Juni
Kuti ulowe mumzinda, mnzako wa mumsasa akuchitire umboni, koma iyeyo amabwezedwa kumapeto kwa mzere. Angalole ndani?
Pali wina amadzitcha Wamakala, munthu weniweni kwinakwake. Wandilembera: "Asisi, mwasowatu. Nanga ngolo mukuyendetsa ngati woledzera bwanji?" Ndaseka, koyamba chichitikire maliro. Kenako ndamuuza zoona, kuti eni ake a foniyi anamwalira. Munthu wake anangoima pambali pa wanga mpaka batire kutha.

21 Juni
Wamakala akuti achita umboni. Ndamukumbutsa kuti atsala kunja. Wati, "Ine akandifufuta ndidzayambiranso, bambo. Ndili moyo."
Ndinapita kugalaja, ndinagwira ntchito. Sindikukumbuka galimoto yake.

28 Juni
Munthu wa akazi anga walowa.
Pachipata salola katundu wa mumsasa, akuti ngwa nsabwe, amawotcha. Ndatuluka pamzere, ngolo ndi migolo ndi bulangeti ndapatsa Wamakala. Ndi ngolo atha kufika kumzinda wa kumapiri msasa usanagwe. Wanga wadutsa chimanjamanja.
M'kati amupatsa kachipinda ka pansi pa masitepe ndi ntchito yosesa pamsika. Olemera aja sanamuyang'anebe. Wosesa, koma wa m'kati. Akazi anga akanaseka: kuvutika konse kuja, mphotho yake tsache.

30 Juni
Ndinaitana alamu. Tapinda zovala. Madiresi, nsapato, zikwama, zonse zapita. Chitenje chawo chabuluu ndinapinda ndekha, ndinachedwa nacho, alamu anayang'ana kumbali. Wadiropu ndasiya chitsegukire, ipite mphepo.
Anafunsa za foni, akuti mwana wawo alibe. Ndakana.
Msika wa mugemu uja umatsegulidwa m'mamawa, ndipo kagwiridwe ka tsache sindinakadziwe.