Chitumbuwa Chomeretsa Mapiko

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 27, ndimagulitsa zitumbuwa pamsika wa Songani. Mu 1984 ndinakwatiwa ndi a Abasi, kalaliki, amene akazi awo oyamba anamwalira n'kusiya kamtsikana, Adija. Pano ali ndi zaka zisanu, ndipo ndimamukonda ngati wobala ndekha.

Mzungu wina pobwerera kwawo anawasiyira bambowa buku la nthano za Chingerezi, la zithunzi zokongola. Poti ndinafika Fomu 2, ndimamuwerengera mwanayu ndikumasulira m'Chichewa. Nthano ina inali ya mayi wopeza, mfiti, amene anapatsa mwana keke, mwanayo n'kusanduka mbalame. Adija keke sanaionepo, ndiye ine ndi nzeru zangazi ndinati chitumbuwa. Atandifunsa kuti, "Mayi wopeza n'chiyani?" ndinayankha kuti, "Monga ine kwa iweyo."

Kuyambira tsikulo sadya chochokera m'manja mwanga. Lachisanu pamsika anauza kasitomala kuti, "Musagule, mumera mapiko." Nkhaniyi yafika kwa Malemia, kwa agogo ake akuchikazi a Bibi, ndipo amalume ake a Isaki atumiza mawu akuti, "Mwana wa mlongo wathu sangakhale ndi mfiti. Mwezi ukatha tikubwera kudzamutenga." Bambo angoti, "Nanga iwe umawerengeranji?" ngati bukulo linabwera lokha ndi miyendo. Mtima ukundiwawa, Aphungu. Ndingoliotcha?

S.A., Domasi

Mayi S.A.,

Makalata a anthu onamiziridwa ufiti ndalandira ambiri, koma inu ndinu oyamba kudzinamizira nokha, mpaka kuonetsa ndi zithunzi zomwe. Fomu 2 ija sinapite pachabe. Pa zakudya zonse za m'dziko muno munasankha chimene mumagulitsa. Chinangwa chinakulakwirani chiyani?

Bukulo musaliotche, a Isaki adzati mwatentha umboni. Litengeni, mutengenso ankhoswe anu ndi a Abasi, mupite kwa a Bibi mwezi usanathe. Mukawaonetse mfitiyo ndi mphuno yake yonga chipande, muwafunse ngati mukufanana nayo. A Abasi ndiwo akawerenge nthanoyo mokweza ndi kumasulira, poti katundu ndi wawo. Tione ngati keke adzaitcha dzina lanzeru kuposa lanu.

Kumeneko musakakweze mawu. Amalume ali ndi mphamvu pa mwana wa mlongo wawo, ndipo munthu woferedwa mlongo amaona njoka paliponse. Mukapepese, mukafotokoze kupusa kwanu konse monga mwandifotokozera ine. Akangoseka, mlandu watha theka.

Kunyumba musamukakamize mwanayo. Aphwanye yekha nthochi, asakanize ndi ufa, aone mukukazinga, ndipo choyamba mudye inuyo iye akuona. Mukakhalabe pansi osauluka, adzaganiza yekha. Kuwerengako musasiye, ana amakonda zithunzi. Koma nthano iliyonse muziyamba mwaiwerenga nokha mpaka kumapeto, si zoti inu ndi mwana muzidzidzimukira limodzi.

Chimene ndikukuoperani si a Isaki, koma kutopa kwanu. Kukanidwa ndi mwana amene mumamusambitsa kumapweteka, ndikudziwa, ndipo pakamwa pamatha kuterereka. Tsiku limene mudzanene kuti "mutengeni, ndapuma," nthano ija idzasanduka yoona m'mutu mwake, ndipo palibe nkhoswe angaichotsemo. Amalume akadzafika, adzakupezeni mukumupesa tsitsi mwanayo, ngakhale iye akhale atakufulatirani.

Aphungu