Ndege Yapepala Pabalaza Pathu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti inu, akazi anu ndi ana nonse muli bwino. Kuno tilipo, kungoti alamu anu sakuulukanso.

Kampani yawo inagulitsa ndege zing'onozing'ono zija n'kugula zikuluzikulu. Mabwana akuti woyendetsa aliyense akaphunzire ndege yatsopanoyo ndi ndalama za m'thumba mwake, apo ayi akhale kunyumba. Ine ndinkati ndege ndi ndege basi, osadziwa kuti mtundu uliwonse uli ndi chiphaso chakechake. Mtengo wake sindilemba, mungakomoke. Kubanki akuti ngongole amapatsa munthu amene ali pantchito, kuntchito akuti abwere chiphaso chili m'manja. Nanga tilowere kuti?

Panopa alamu anuwo amata pakhoma la pabalaza chithunzi chachikulu cha mabatani a ndegeyo. M'mawa uliwonse amavala yunifolomu, n'kukokera mpando pafupi, n'kumadina pepalalo. Ine ndimakhala kudzanja lamanja ngati wothandizira wawo, kuwawerengera zoti achite. Mwana wathu wamng'ono uja akabwera kusukulu amafunsa kuti, "Adadi, lero mwatera kuti?" Poyamba tinkaseka tonse. Dzulo alamu anuwo anangokhala pampandopo manja ali m'maondo mpaka tiyi anazizira. Ndinawerenga ndekha mpaka kumapeto, iwo osadina kanthu.

Achimwene, nyumba ija malemu bambo anatisiyira awirife, kodi anthu ochita lendi aja akadalimo? Ndangofunsa chabe. Alamu anu sakudziwa kuti ndakulemberani.

Mupereke moni kwa onse.

Ndine mlongo wanu.