Boti ya Chitsulo ya Fanwell

Chiweru, 16 Meyi 1981

Baniseka lelo. Ine mudala wa imvi, kusekewa na banthu bamene sibanaonepo funde.

Fanwell, mwana wanga, wasiya nchito ya ugadi. Ati ayenda kugwira nsomba ku damu ya Itezhi-tezhi. Boti yake wamupangira Goliati, uja owotcherera mageti kuseri kwa maliketi ya Kanyama. Ya chitsulo. Pansi pake fulati monga thebulo. Baiyesa mu chimugodi cha miyala muja mukhala manzi ya mvula. Bamuna faivi baimirira mukati, bavina, siinapendeke. Na ba Tcheyamani ba chipani mu seksheni yathu bakwera, bawomba m'manja.

Nabauza kuti manzi aya ni yogona. Goliati ati, "Mudala, mabwato yanu ya mitengo yanapita na Fedulo, boma ya bazungu." Bonse kuseka. Fanwell nayeve.

Mande, 18 Meyi

Msana ubaba. Pa mzere wa unga kuchokera kuseni, nabwera chabe.

Nilembe pano, pakuti pa nyumba palibe omvera. Zaka naini ninapalasa bwato pa nyanja ya Kariba. Bwato ya mtengo pa manzi yogona ni yamwano, ukayetsemula chabe yapendeka. Koma mphepo ikauka, uipatsa mphuno ku funde, mopendeka pang'ono, ipyola. Manzi yalowa, ukapa na mbale. Ya mapulanga ili na msana kunsi. Ikwera funde, itsika bwino monga ng'ombe pa chulu. Ya fulati ninakwerapo kamodzi, ya muzungu wina. Siipyola, siikwera. Imenya chabe, pha, pha, mano kugundana. Mphepo iitembenuza, funde ikupeza m'mbali.

Sondo, 24 Meyi

Pochoka ku chalichi nakamba na Fanwell. Ninayamba bwino, ninatsiriza na kukalipa. Ni vamene nili.

Namuuza: bwato ikagubuduka iyandama, ugwirira, uyembekeza banzako. Chitsulo chikadzala chiyenda pansi monga khasu. Mangirira ngakhale madiramu yabili yopanda kanthu mukati. Ati madiramu yadya malo ya nsomba. Ati, "Batata, imwe munabwerako na chani ku Kariba, kuchotsako chifuwa?"

Ni zoona.

Chitatu, 3 Juni

Fanwell wayenda. Boti pamwamba pa lole ya makala, yopentewa buluu. Mainess, mkazi wanga, wamupatsa bulangeti yathu yabwino na Baibo. Ine ninamusemera nkhafi zibili za mukwa. Watenga imodzi.

Sininamugwire chanza. Manja yanali na girizi, ninathandiza kumanga zingwe. Mwina nichifukwa chake.

Chinayi, 9 Julayi

Mphepo. Tsiku yachitatu. Fumbi m'maso, m'mbale, paliponse. Lata imodzi ya chimbudzi cha baneba bathu, ba Nkole, yauluka, yagwera pa bwalo pathu. Ninaiyang'ana nthawi itali mumene inali kutembenukira.

Ngati ni tere kuno pakati pa manyumba, nanga kuja kulibe chotchinga?

Kalata ya Fanwell inabwera imodzi chabe, mwezi watha. Nsomba ni zambiri. Banthu ba kuja bakana kukwera boti yake, baitcha bafa. Yeve analemba monga nthabwala. Mainess anaseka. Nati niberengerenso apo, anakana.

Chisanu, 17 Julayi

Cathrine, uja agula nsomba zouma ku Itezhi-tezhi, wanipeza pa mpopi. Sanafike ku nyumba. Wagwada pa matika, mkazi wamene sagwadira munthu.

Pa Chibili mphepo inabapeza bogwira nsomba pakati pa manzi. Mabwato yatatu yanabwerera, imodzi yogubuduka, mwine wake ali gwa pamwamba pake. Ya mapulanga inabwerera na nsomba zake. Ya buluu sibanaione. Ati, "Batata, kuli tuzilumba tambiri, mwina bali kwamene uko."

Tuzilumba tuliko. Nikudziba. Pa Kariba munzathu Chilekwa tinamupeza pa kachilumba patapita masiku sikisi, ali kudya mazira ya mbalame. Koma Chilekwa anali na mtengo ogwirira.

Basi ya ku Mumbwa, njira ya ku Itezhi-tezhi, izanyamuka mailo kuseni. Nizamuuza Mainess kuti niyenda ku maliro ya munthu wa ku nchito yakale.

Mainess aitana, kachibili manje. Waphika chibwabwa, ayimba. Njala nilibe. Koma nikakana azaniyang'ana kumaso. Niyende nikadye.