Mpando Woti Munthu Adzukepo Yekha

Salima,
14 Okutobala.

Okondedwa achimwene a Mateyu,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi chifuwa cha amayi chija chinasiya? Ine kuno ndili bwino, kungoti dzuwa la ku Salima likuotcha ngati tinalilakwira, ndipo mutu wanga wazungulira ndi zimene ndikuuzeni m'kalata muno.

Musadabwe kuti ndalemba pamanja foni ilipo. Ndikaimba kumeneko mumatsegula sipika, abambo ali pompo pakhonde khutu lili tcheru, pomwe nkhani iyi siyofunika iwo aimve. Kalatayi ndapatsira mayi wina wogulitsa usipa amene amafika pa msika wa Mkanda. Mukaiwerengere kudimba.

Monga mukudziwa, ndinasiya unamwino wa ku Lilongwe n'kutsatira a dokotala Binali, aja a mafupa, amene akutsegula chipatala chawo kwawo kuno, m'mbali mwa msewu wopita ku Senga Bay. Nyumba inatha, chatsala ndi kukonza m'kati, ndipo tikutsegula kumayambiriro kwa Disembala. A dokotalawo ndi munthu wabwino koma wotanganidwa, ndiye za m'katizo anazisiya m'manja mwa mayi wina, a Sharon, amene amakongoletsa malo ogona alendo kunyanjaku. Ine anandiuza kuti ndiziwathandiza. Achimwene, ndikanadziwa ndikanapempha ntchito yochapa mabandeji.

A Sharon akuti wodwala akalowa aziiwala kuti ali m'chipatala. Mawuwo ndi abwino, sindikutsutsa. Koma pansi anaikapo matailosi onyezimira oti ukhoza kudzionerapo nkhope, ndipo ine wa miyendo iwiri yabwinobwino ndaterereka kale kawiri. Pakhomo pali masitepe anayi. Nditafunsa kuti munthu wa pa chikuku adzakwera bwanji, anati njira yotsetsereka imaononga maonekedwe a kutsogolo, tidzaiika kuseri. Kuseri kumene kuli dzala! Mawindo nawo ndi osatseguka, ati tidzadalira makina oziziritsa, kuno kumene magetsi akathima munthu umapsa uli chikhalire.

Ndinawauzanso kuti kwathu kuno munthu sadwala yekha. Wothyoka mwendo amabwera ndi mkazi wake, azakhali ake, amalume, mkeka ndi mapoto. Iwo anakonza malo a anthu khumi ndi awiri basi, ndipo mtengo wa mango umene uli panja amafuna audule kuti paziima magalimoto. Ndinafunsa kuti magalimoto a yani, poti odwala athu adzabwera pa kabaza ndi pa ngolo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti vuto lathu Amalawi timaopa chitukuko.

Amene anandiombola ndi msodzi wina wa ku Mbenji, a Sulaiman. Bwato linawapana mwendo padooko, anawamanga chikhakha kuchipatala china, ndiye atamva kuti kuno kwabwera dokotala wa mafupa anangotulukira Lachitatu lapitali, osadziwa kuti sitinatsegule. Pa masitepe paja abale awo anachita kuwanyamula ngati thumba la chimanga. Atalowa, a Sharon anawaonetsa monyadira bokosi lagalasi limene aikamo tinsomba tamoyo, ati n'totonthoza mtima wa odwala. Bamboyo anatiyang'ana pang'ono n'kunena kuti nsomba ndi zimene zawafikitsa pamenepa, ndipo titi n'tosakwana ndi ndiwo za mwana.

Kenako anawakhazika pa sofa. Masofa ake ndi aja ofewa, apansipansi, oti ukakhala mawondo amafika pachibwano. A Sulaiman anangoti phwa, n'kumira, chikhakha chili m'mwamba. Nthawi yodzuka itakwana, zinakanika. Anayesa ndi ndodo zawo, ndodo n'kutereka pa matailosi. Tinachita kuwazula anthu atatu, iwo akubuula ndi ululu, uku akulumbira kuti wallahi m'nyanja ya mwera anapulumukamo koma mpando uwu uwamaliza. Abale awo asanu ndi awiri nthawi yonseyi anali khale pansi pa mango paja. A dokotala analowa tili pakati pa kuzulako, ndipo anayamba ndi kumuona wodwalayo.

Madzulo ake anagamula. Njira yotsetsereka ibwera kutsogolo ndi zitsulo zogwirira, poyenda anthu aikapo matailosi okhakhala, mawindo asintha, mango sadulidwa. Masofa abwerera kumene anachokera. Nsomba zokha azisiya kuti a Sharon asachite manyazi kwambiri, ndipo mpaka lero mayiwo sakundipatsa moni. M'malo mwa masofa pakufunika mipando yamatabwa, yaitali bwino, yolimba, yokhala ndi pogwira manja ndi potsamiritsa mwendo, yoti munthu wa chikhakha adzukepo yekha popanda womukoka. A Sharon ajambula kale wawo, wa timiyendo tonga ta udzudzu. A dokotala atauona anandifunsa ngati ndikudziwa kalipentala weniweni. Ndinati ndikumudziwa mmodzi ku Mchinji, wapala matabwa zaka makumi anayi, ndipo kuuma mutu kwake kulibe mnzake.

Apa ndiye pagona nkhani, achimwene, poti kalipentalayo ndi abambo athu. Abambo anagwa pa denga la chigafa mu Meyi, lero ndi Okutobala. Ine pafoni amandiuza kuti ali gwa, koma amayi anandinong'oneza kuti mwendo wamanzere wayamba kufupika, kutchalitchi anasiya kupita chifukwa akakhala pa benchi amafuna wowadzutsa, ndipo safuna anthu aone. Inu mukudziwa zonsezi koma mwangokhala chete, zimenezi zandikwiyitsa. Kuthowa ndi madzi otentha ndi kutemera mphini sikulumikiza fupa. Ndawachonderera kangati kuti akajambulitse fupalo kuchipatala? Yankho lawo ndi lomwe lija, lakuti kuchipatala amadula miyendo ndipo iwo adzapita kumanda ndi yawo yonse iwiri. A dokotala nditawafotokozera anati ngati ndi fupa la m'chiuno, mwezi uliwonse umene ukudutsa ukuchepetsa zimene angathe kuchita, ndipo tikazengereza abambo adzathera pa mphasa.

Pempho langa ndi limodzi. M'kalata muno ndaikamo pepala la mpando wa a Sharon. Muwaonetse abambo, munene kuti Triza akufunsa ngati uli bwino. Musaonjezere kanthu, ingodikirani. Akayamba kukalipa kuti wajambula izi sanagwirepo sowo, muwauze kuti a dokotala akufuna mmisiri wamkulu woti adzayang'anire ntchitoyi, matabwa a mlombwa alipo kale, opala aliponso, iwo kwawo ndi tepi ndi pensulo basi. Akachita makani, muti ntchitoyo aipereka kwa aja amangokhoma misomali paliponse. Silikhala bodza, ntchitoyo ilipodi, ndipo palibe amene akudziwa kutalika kwa mpando wotere kuposa munthu amene akuvutika kudzuka.

A dokotala anena kuti sangajambule munthu mozemba. Koma akuti amuna awiri akagwirira ntchito limodzi sabata yathunthu, zina zimayankhulika zokha, ndipo Mulungu akalola abambo adzakwera okha pa bedi lojambulira. Muwakweze minibasi Lachinayi la sabata yamawa, mpando wakutsogolo, ndipo muwaperekeze mpaka kuno. Ndikudziwa kuti akadzatulukira chiwembuchi woyamba kukalipiridwa ndinu. Pepani, mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ine zandikwana, achimwene. Ku Lilongwe kuja tsiku ndi tsiku ndinkagwira mkono makolo a eni ake, kuwaphunzitsa kuponda pansi kachiwiri, ena ankachita kundidalitsa potuluka. Tsopano ndimakumbuka kuti wanga ali pakhonde ku Mkanda, akudikira kuti pabwalo pasakhale munthu kuti adzuke mokwawa ndi khoma. Zimandipweteka, ndipo sindikufuna kudzamva kuti tinachedwa.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti chinsinsi chawo sindinaulule kwa wina koma inu ndi a dokotala. Moni kwa alamu anga a Gladys, kwa ana onse, kwa azakhali a ku Kapiri ndi kwa amalume ngati abwera kudzaona mbewu. Abambo okha musawapatse moni wanga, angadziwe kuti ndalemba zambiri kuposa pepala la mpando. Moni wawo ndausunga, ndidzawapatsa ndekha pa depoti ya Salima Lachinayi, ndipo ndidzaima pamenepo mpaka minibasi yomaliza.

Ndine mlongo wanu,
Triza