Khofi wa maliro ku Mulhuddart

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Ine kunja kuno, ku Mulhuddart, ndili bwino, chifuwa chija chinatha.

Tigist, mnzanga wa ku Ethiopia amene ndimakhala naye nyumba imodzi, mayi ake anamwalira mwezi watha. Kumaliro sanapite poti mapepala ake okhalira m'dziko muno sanatuluke. Lamlungu anaitana anzake kuti tidzalire naye mwachikwawo. Anakazinga njere za khofi pachiwaya n'kufukiza lubani, ife titakhala pansi momuzungulira. Utsi utafika kudenga, kabelu kochenjeza za moto kanayamba kulira.

Alandilodi, amene amakhala khomo loyandikana nafe, analowa osagogoda. Anauza Tigist kuti mwezi ukatha asamuke, ati m'nyumba mwawo safuna utsi wachilendo. Tigist anangogwira kamtsuko ka khofi, misozi ili chuchuchu.

Ndinaimirira n'kuwauza kuti, "Bambo, pano pali maliro. Mukamutulutsa, nanenso ndituluka."

Alandilodi anatsegula windo n'kumapita. Mawu awo sanabweze mpaka lero. Komabe Tigist anatithirira khofi katatu monga mwa mwambo wawo, ndipo tinamwa yense.

Ndikudziwa munandilangiza kuti kwa eni ndizikhala chete. Pa ichi chokha mundikhululukire, sindidzapepesa. Mayi athu atatisiya, palibe anatiletsa kulira.

Mutipempherere, chifukwa nyumba kuno n'zosowa ndipo chisanu chayandikira. Mundiperekere moni kwa azakhali. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Tadala