Chala changa ndi tayala la Nobuhle

Lachisanu, 7 Juni 2024

Akulemba ndi mkazi wanga, amake Nobuhle. Ine maso anachita nkhungu, sukulunso ndinalekera Sitandade 2. Alembe monga ndanenera, osakometsa.

Zaka makumi atatu pa fakitale ya matayala. Tayala ndimaliwerenga ndi chala chachikulu, lokeshoni yathu yonse ya Mpopoma imadziwa. Mwana wanga Nobuhle amathamangitsa njinga yamoto ku bwalo la mpikisano, mkazi yekha pakati pa amuna. Akatsika, tayala likadali lotentha, amati, "Baba, likuti chiyani?" Ine n'kupapasa, n'kumuuza pomanga ndi pomasula.

Chimene sakudziwa: shuga wandidya zala. Dzulo ndinagwira ketulo yowira osamva. Zimenezi zithere m'bukumu.

Loweruka, 15 Juni

Tsiku loyeserera. Chisanu cholowa m'mafupa. Anazungulira kasanu n'kubwera. Akuti kumbuyo kukuterereka pa kona yachitatu. Ndinagwada. Chala pa tayala, mbali ya kumanja. Zii. Ngati ndavala magolovesi awiri.

Davison, makaniko wa anzake a Nobuhle, anali pomwepo ndi geji yoyezera mpweya. "Madala, tiyeze?" Ndinakana. Ine kuyeza ndi geji anthu akuona?

Ndinati shoko ya kumbuyo, sipulingi yochepetsa mabampu ija, ikubwerera msanga, imangidwe kawiri. Ndinangonena, sindinamve kanthu. Mwana anamanga. Ke, ke. Makutu okha ndiwo anditsalira.

Lamulungu, 16 Juni

Mpikisano. Kona yachitatu yomweyo. Sindinaone. Ndinamva injini ikulira yokha, kenako anthu kuthamanga.

Lachinayi, 20 Juni

Nobuhle wathyoka fupa la phewa ndi mwendo wakumanja. Dokotala akuti kuyenda adzayenda. Za njinga sananene.

Kukamuona kuchipatala ndimakwera kombi ziwiri kupita, ziwiri kubwera. Mwana sanandifunse kanthu. "Ngiyaphila, ndili bwino, Baba, musadandaule." Bola akananditukwana.

Amake akuti ndiulule. "Mwanayu amakhulupirira chala chanu kuposa maso ake." Ndati alembe zanga, osati zawo. Alembabe.

Lachiwiri, 2 Julayi

Davison wabweretsa njinga pa lole. Ndinadzitsekera nayo m'shedi. Chala chinafa, ndiye ndinagwada n'kuyendetsa mlomo pa tayalalo. Munthu wa zaka 74. Mlomo ukumva bwino.

Lang'ambika mozama, timabala totukuka ngati mamba a nsomba. Tayala limatero likathamanga lisanatenthe, mpweya utachuluka. Kunali kungophwetsa pang'ono basi. Shoko inalibe mlandu, ndipo poimanga ndinaonjezera vuto. Geji ija ikananena.

Sindinadye.

Loweruka, 13 Julayi

Watuluka m'chipatala, ali kuno. Ndodo ziwiri, gu, gu, m'nyumba monse. Akuti fupa likagwirana abwerera pa njinga. Amake analira. Ine ndikudziwa sadzasiya, ndi magazi anga.

M'mawa wauza amake agubuduze gudumu lakumbuyo la njinga ija mpaka pakhomo. Wakhala pa sitepe, mwendo tambalale. "Baba, likuti chiyani? Ndikufuna kudziwa ndinalakwa pati."

Iyeyo kulakwa!

Ndinati ndipume kaye. Gudumu likadali pakhomo, iyenso akadali pompo. Ndikangomuuza za mpweya, andithokoza, ndipo ulendo wina adzandifunsanso, ine n'kutambasulanso chala chakufachi. Ndikamuuza zonse, ntchito yanga padziko yatha. Sadzandifunsanso, ngakhale Mpopoma...

Amake, ikani cholembera pansi. Kamuthandizeni mwanayo kulowa, ndimuuze zonse. Abwere ndi nambala ya Davison.