Munalirira Thunthu la Nthochi

Amayi anga, kwacha bwanji kumeneko? Nanga miyendo ija inasiya kupweteka?

Ndine Layitoni. Inde, yemwe uja. Musadzidzimuke, ndikulemba ndili kuno ku Neno, pakhonde panu, dzuwa likundiwotcha pamsana. Mlongo wanga Esinati wandiuza mawu amene munatsirizira. Akuti munati, "Musandilire, ndikupita kukamupeza mwana wanga." Chimvereni zimenezo mtima wanga sunakhale pansi. Ndimakuonani mukuyendayenda kumeneko, kufunsa aliyense ngati waona mnyamata wamtali wa chipsera pachibwano. Lekani kufunafuna, amayi. Ine kumeneko kulibe. Chimene anakugonekani nacho pafupi chinali thunthu la nthochi, limene anaika m'manda m'malo mwanga.

Koma ndiyambe ndi za pamudzi, poti munkadana ndi munthu wothamangira nkhani asanakhale pansi. Manachesi anu aja abereka mpaka kuthyola nthambi, koma msewu ndi womwe uja, lole sifika, ambiri akungowolera pansi. Mbatata ya kachewere yachita bwino, nandolo ndiye anatha ndi mbozi. Denga la nkhokwe likudontha. Esinati ali ndi mwana wamwamuna, anabadwa inu mutangopita kumene. Anamutcha Layitoni, poti dzinalo linali lopanda mwini. Tsopano akaitana timatembenuka tonse awiri, ndipo wochita manyazi ndimakhala ine.

Mukukumbukira m'mawa uja tinanyamuka? Tinali atatu, ine, Gidiyoni ndi Binisoni wa kutsidya kwa Lisungwi, ulendo wokafuna ntchito ku Halale, wapansi, kudutsa dziko la Apwitikizi. Aliyense kamtolo kake kumsana, chimanga chokazinga m'thumba, mapazi opanda nsapato. Inu munandipatsa bulangete lanu lofiira, lokhalo limene munali nalo, n'kunena kuti, "Ukadye zimene akudya eni ake, ukasiye kusankha kwakoko." Ndinaseka. Koma ndinakumverani, amayi, mpaka kupitirira muyeso.

Titatsika mapiri athuwa tinalowa m'dziko la milambe, lotentha ngati pachiwaya. Pafupi ndi migodi ya malasha tinafikira kwa mkulu wina wa ku Ntcheu, a Thomu, mtchona wakalekale. Atangomva Chichewa chathu misozi inatsika, nkhuku n'kufa. Pakhomo pawo panali sutikesi yomanga kale ndi chingwe, chipewa chili pamwamba. "Mwandipeza mwamwayi anyamata," anatero, "mawa ndikupita kumudzi." Akazi awo anatinong'oneza kuti sutikesiyo inamangidwa mwana wawo woyamba ali kumsana, ndipo mwanayo tinamuona, anali ndi ndevu. M'mawa uliwonse ankaitulutsa, kuipukuta, madzulo n'kuilowetsanso. Tinawaseka njira yonse. Binisoni ankawatsanzira mpaka ife kugwira nthiti. Lero a Thomu sindiwasekanso.

Pa Zambezi tinakumana ndi wina, wopalasa bwato, wa diso limodzi, wovala ndolo ya mkazi khutu lakumanzere. Ameneyo sankalola munthu kuwoloka mwakachetechete. Pakati pa mtsinje anaimitsa nkhafi n'kulamula kuti aliyense afuule dzina la amayi ake, kuti bwato likagubuduka madzi adziwe kokanena maliro. Gidiyoni anakana, akuti n'zachikunja, mpaka bwato linayamba kutengedwa, ndiye anafuula kuposa tonse. Ine ndinakutchulani, aNambewe, mawu mpaka kumveka kutsidya. Madzi aja sananame, amayi. Anadzanama ndi munthu wakwathu, wodya naye mbale imodzi.

Titawoloka, malungo anandigwira. Anzanga anandikokera kukamudzi kena, pakhomo pa mayi wina wokalamba dzina lawo a Dominga. Mayi ameneyo, amayi, mukanamuona! Ankavala chijasi cha msilikali dzuwa likuswa mtengo, ndipo fodya ankasuta moto uli m'kamwa, utsi n'kumatulukira m'mphuno. Atandiona anaponya khasu n'kukuwa kuti, "Zuze!" Zuze anali mwana wawo amene Apwitikizi anamutengera ku ntchito yokakamiza, osabwereranso. Anandilanda m'manja mwa anzanga n'kundigoneka pamphasa pawo.

Zotsatirazo ndazimva pobwera pano, chifukwa panthawiyo sindinkazindikira munthu. Anzanga anadikira masiku angapo, chakudya n'kutha. Gidiyoni anapitiriza ulendo, mpaka lero sakudziwika. Binisoni anataya mtima n'kubwerera. Ndipo pobwerera anandivula bulangete lanu, ine ndikunjenjemera, chifukwa kwathu kuno wokanena maliro akutali safika chimanjamanja, amabwera ndi chofunda cha malemu. Nditamufunsa mwezi wathawu, anayang'ana pansi n'kuti, "Achimwene, mapazi anu anali atazizira kale. Ndikanawauza bwanji amayi anu kuti ndakusiyani mukupuma?" Mwamva? Kunali kovuta kunena kuti wandithawa, ndiye anaona chapafupi kundipha ndi pakamwa. Akuti pamaliro anga ndiye ankayambitsa nyimbo. Mawu ake ndi abwino, zimenezo sindingamunamizire.

Ine ndinachira ndi mizu yowawa ya a Dominga. Ndikuti ndinyamuke, nkhondo ya Apwitikizi ndi eni dziko inafika. Asilikali anasonkhanitsa midzi yonse m'mpanda wa waya, ndipo mlendo aliyense wopanda womuikira kumbuyo ankamutenga, osaonekanso. A Dominga anaima patsogolo pa mfuti ndi chijasi chawo chija, n'kulumbira kuti ndine wobala okha. Kuyambira pamenepo akati Zuze ndinkavomera. Ndinadya mapira, ndinadya malambe, ndinaphunzira Chinyungwe, ndinasiya kusankha monga munanenera. Kalata ndikanatumiza ndi ndani? Mbalame yokha ndiyo inkadutsa waya uja.

Musawade mayi aja. Sanali amisala monga anthu ankanenera. Tsiku lina tikupalira anangoti, osandiyang'ana, "Kwanu kumapiriko mvula yayamba tsopano, eti?" Apo ndinazindikira kuti ankadziwa kuti sindine Zuze wawo. Anapitiriza kulima, ndipo madzulo anandiitananso kuti Zuze. Atamwalira, manda ndinakumba ndine, tsitsi ndinameta ndine. Apa ndiye pamandiwawa, amayi. Ndinaika amayi a eni ndi manja angawa, pamene inu munali mutalirira nthochi, ndipo pa tsiku lanu panalibe mwana wamwamuna woponya dothi.

Waya atatsegulidwa ndinabwerera njira yomweyo. A Thomu ndinawapeza, sutikesi ili pakhomo, akuti mawa. Ndinafika pamudzi masana ndithu, koma amayi a pachitsime anataya zidebe n'kuthawa. Esinati, amene ndinkamubereka kumsana, anatapa dothi n'kundiwaza kumaso kuti aone ngati ndizimiririke. Sindinazimiririke, ndinangotsokomola. Chifikireni mbale yanga ndi yandekha, madzi osamba ndimatunga ndekha, ana akandiona amalowa m'nyumba. Amene anavomereza msanga kuti ndili moyo ndi anyamata a chipani pamsika wa Lisungwi. Atandifunsa khadi ndinawauza kuti ine ndinafa, manda anga alipo. Iwo akuti, "Ngakhale akufa azigula, bambo." Ha! Ndinatsala pang'ono kuwathokoza.

Amalume a Jemusi anandiitana n'kunena kuti munthu sakhala ndi nyumba ziwiri, ina kumudzi ina kumanda. Ngati ndikufuna kudya ndi anthu, ndikafukule nthochi ija. Adzukulu anakana kugwira khasu, akuti mwiniwake alipo, akumbe yekha. Ndinakana nthawi yaitali. Ndinkadziwa kuti ndinu munapempha kuti akugonekeni pambali pa mwana wanu, ndiye ndikachotsa mutsala nokha, ndipo ndikhala ndakusiyani kachiwiri. Koma Layitoni wamng'onoyu atayamba kutentha thupi, maso onse anatembenukira kwa ine, ngakhale a Esinati. Ndinaona kuti ndikapanda kukumba, pamudzi pano sindikhalapo.

Ndiye dzulo m'mawa ndinakumba. Amalume anaima patali, Binisoni sanabwere. Mwina munamva khasu likugunda pafupi ndi mutu wanu, pepani, ndinayesetsa kukumba mofatsa. Matabwa anali atafumbwa, nthochi inasanduka dothi lakuda, bulangete lanu linatsala ulusi wofiira wokhawokha. Koma chakumapazi khasu linakodwa pa chinthu cholimba. Nkhwaila, amayi! Nsapato za tayala, zatsopano, zosapondapo pansi. Esinati wandiuza kuti munakadulitsa nokha ku Lisungwi, wapansi ndi miyendo yanu yotupa ija, maliro akudikira, n'kunena kuti, "Mwana wanga wayenda kwambiri, kumene akupitako minga isamubaye." Muyeso munatengera pachikhatho chanu, ndipo simunalakwitse.

Ndinakhala m'dzenjemo n'kulira ngati kamwana. Sindinalire a Dominga chonchi, sindinalire m'waya muja. Amalume anafuula kuti ndizitaye kuthengo, za kumanda sizibwerera kumudzi. Ndinawayankha kuti inenso ndine wa kumanda ndipo ndabwerera. Ndazitsuka, ndazivala, ndi zimene zili kumapazi kwanga pamene ndikulemba pano. Madzulo Esinati anaika ndiwo m'mbale imodzi n'kundiitana, koma maso ake sanachoke pamapazi angawa. Mwana uja wachira, wayamba kusewera. Binisoni sindinamukhululukire, ndipo musandiuze kuti nditero, chaka chino ayi.

Dzenje ndakwirira, koma malowo sindinapereke. Amalume amafuna adzagonepo wina, ine ndaikapo mwala waukulu n'kuwauza kuti mwini wake alipo, wangochedwa panjira.

Tsono khalani pansi mupumule, amayi, musavutitsenso anthu kumeneko ndi mafunso. Ndidzabwera ndekha, osatumiza chofunda, ndipo ndidzavala nkhwaila zomwezi kuti mudzandizindikire msanga. Sindinena kuti mawa ngati a Thomu. Denga la nkhokwe lija likufuna udzu, ndipo manachesi anu alibe wothyola.

Ndine mwana wanu wokukondani, wamoyo,
Layitoni wamkulu